Mbiya za m'chitsime cha ku Epworth ndi manda athu a kumafamu

Bambo a Tadala, Epworth, kufupi ndi Harare: Akuluakulu a pagulu lathu lino la ochokera ku Malawi kuno ku Zimbabwe, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru. Anyamata akukumba chitsime kuseri kwa nyumba, ndiye atafika m'chiuno piki yagunda mbiya. Imodzi yasweka, ina ikadali m'dothi, kwangotulukira kukamwa kokha. M'khosi mwake muli timizere todinda mozungulira. Pambali pali makala ambiri ndi timikanda ta buluu ting'onoting'ono. Mafupa sitinawaone. Ndawauza anyamata ayambe aima kaye. Mayi a kunyumba akuti tikwirire, tisauze munthu. Nditani?

Mbewe wa kombi: Achimwene, mwayang'anamo bwino? Golide mulibe? Mukalemera musatiiwale ife a pa renki kkkk

Nabanda, Mufakose: Inu aMbewe, zonse ndi nthabwala basi. Alamu, mverani akazi anu. Malowo munawapeza movutikira, mapepala ake mpaka lero sanalongosoke. Mukaitana a boma, mawa mudzangoona waya wazungulira bwalo lanu, ana akusowa pochezera.

Chisomo, Dzivarasekwa: Pepani kulowerera akuluakulu akulankhula, koma izi ndi zomwe ndikuphunzira kuyunivesite. Amalume, mwachita bwino kuimitsa ntchito. Chonde mbiya yotsalayo musaizule, ndipo mapale a yoswekayo musawatsuke. Muwaike m'pepala louma, osati m'jumbo, chifukwa m'jumbo amachita thukuta. Mujambule dzenjelo ndi foni mutaika bokosi la machesi pambali pa mbiya kuti kukula kwake kudziwike, kenako muvindikire ndi lata mvula ingalowemo. Makalawo ndiye ofunika kuposa mbiya yeniyeniyo. Makala ndi amene amapimidwa kuti zidziwike zaka zomwe zapita chifere mtengo womwe unasonkhedwa pamotowo. Akasakanikirana ndi dothi la pamwamba, basi zathera pomwepo. Mbiya yozula n'kuika pawindo imangokhala mbiya. Ikakhala pomwe yapezeka imatiuza anthu ake anali ndani, ankadya chiyani, ankagulana malonda ndi yani. Timikandato ngati ndi tagalasi, sitinkapangidwa kuno, tinkabwera ndi amalonda kuchokera kugombe la nyanja ya mchere. Ndipo lamulo la National Museums and Monuments, bungwe la boma loyang'anira zakale, limati wopeza zinthu zakale ngati izi akanene. Maofesi awo ali ku Museum of Human Sciences, cha ku Rotten Row.

Nabanda, Mufakose: Mwanawe, lamulo tikulidziwa. Funso langa ndi la malo.

Chisomo, Dzivarasekwa: Azakhali, kawirikawiri amabwera, n'kujambula, n'kukumba bwinobwino kagawo komweko, n'kunyamula zomwe apeza. Mwini malo amapitiriza ntchito yake. Kutchinga malo onse kumachitika pa zinthu zikuluzikulu, monga miyala yosanjikizana ya Chiremba ija yomwe inali pa ndalama zathu, osati mbiya ziwiri.

aPhiri a ku Tafara: Ine ndikuti musanapite ku Rotten Row, yambani mwauza eni nthaka. Ife kuno tinabwera, tinapeza anthu. Mbiyazo si za makolo athu, makolo athu ali ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ngati pansipo pagona munthu, ali ndi abale ake. Mukadumpha akuluakulu a pamalopo n'kukayambira kutauni, ndiye kuti mwawatukwana.

aGama a sukulu, Highfield: aPhiri anena mfundo, ndipo chitsanzo chake sichili kutali. Domboshava ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mutauni muno. Boma la atsamunda linalengeza phanga lija kukhala malo otetezedwa mu 1936 chifukwa cha zojambula za pamiyala. Koma kwa anthu a kumeneko phangalo silinali la zithunzi. Kunali kopemphera mvula. Muli mphako yomwe imatulukira pamwamba pa thanthwe. Ankasonkha moto m'phangamo, utsi ukatulukira pamwamba ankadziwa kuti mizimu yalandira nsembe. Oteteza zakale anati moto ukudetsa zojambula, analetsa mwambowo. Alendo azilipira pageti n'kulowa, eni ake aziyang'anira kunja. Mkwiyo unaunjikana zaka ndi zaka, ndipo mu 1998 munthu wina anakapaka penti yamafuta yakhofi pa zojambulazo. Panapita ntchito yaikulu kuti aichotse. Ndi pambuyo pa zimenezo pomwe oyang'anira malowo anayamba kukhala pansi ndi mafumu mozama. Ndimakonda kupita nawo ana a sukulu kumeneko, ndipo ndimawauza kuti waya sunateteze phanga lija. Nkhalango ya Rambakurimwa yomwe ili m'munsi mwake inasungika chifukwa anthu ankaopa kuidula, osati chifukwa cha mlonda.

Mbewe wa kombi: Aphunzitsi, ndiye mukuikira kumbuyo wopaka pentiyo?

aGama a sukulu, Highfield: Ayi ndithu. Anawononga chinthu chomwe ngakhale agogo ake anachipeza chilipo. Ndikungonena komwe moto unayambira.

Che Jafali, Mbare: Salaam kwa nonse. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndifunse. Anthu ophunzirawa akanyamula mbiyazo, zimathera kuti? Ife tidzazionanso? Kapena zikatsekeredwa m'katoni, wina alembe buku la chizungu, apatsidwe udokotala, bambo a Tadala atsale ndi dzenje?

Chisomo, Dzivarasekwa: Che Jafali, funso limenelo nafenso timakangana nalo m'kalasi. Zoona zake zambiri zimakhala mosungira, zoonetsedwa ndi zochepa. Koma amalume ali ndi ufulu wopempha kuti adzakhalepo pokumba, dzina la malo lilembedwe molondola, ndipo adzauzidwe zotsatira. Apemphe zimenezo poyamba pomwe, asanawatsegulire geti.

aGama a sukulu, Highfield: Tisaiwalenso kuti wophunzira naye amawononga. Ku Great Zimbabwe, Richard Hall pakati pa 1902 ndi 1904 anakokolola dothi lambirimbiri m'kati mwa malinga aja n'kukataya, ati ndi zinyalala za anthu akuda, iye akufuna umboni woti anamanga ndi anthu ochokera kutsidya kwa nyanja. M'dothi lotayidwalo ndi momwe munali mbiri yeniyeni. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anakumba mwadongosolo n'kunena poyera kuti omanga anali Aafirika. Boma la azungu la Ian Smith silinafune kumva zimenezo, mpaka Peter Garlake, wofukula zakale yemwe ankanenanso zomwezo, anachoka m'dziko muno mu 1970. Koma tangoganizani, ankagwira fosholo ndi sefa pa ntchito zonsezo anali ndani? Anthu a m'midzi yozungulira. Mayina a azungu aja ndawatchula onse osayang'ana m'buku. La wokumba mmodzi yemwe silili m'buku la sukulu lomwe ndimaphunzitsira. Ndipo mafumu a Nemanwa ndi a Mugabe a ku Masvingo, omwe akhala akulimbirana za umwini wa malo aja, sanafunsidwe pomwe ankatchinga.

Bambo a Tadala, Epworth: Zikomo nonse. Ndavindikira ndi lata, ndaika ndi njerwa pamwamba. Mawa m'mawa ndikaonana ndi akuluakulu a kuno monga anenera aPhiri, kenako Chisomo undiperekeze kutauni. Alamu a Nabanda, mukandiona ndanyamula katundu pamutu mundisungire chipinda ku Mufakose.

Nabanda, Mufakose: Chipinda chilipo, koma lendi ndi madola kkkk. Ine langa ndanena.

Agogo a Nangozo, Mabvuku, akulemba ndi mdzukulu: Ana anga, mdzukulu wandiwerengera zonse. Mwalankhula bwino za mbiya za eni dziko. Nanga zathu? Ine ndinabadwira pafamu ya fodya kupitirira Norton. Atate anga anachoka ku Nyasalande wapansi, masiku a mthandizi, pomwe ankalemba anthu ntchito za kumafamu kuno, sanabwererenso, kwawo ankawatcha matchona. Anagona pafamu pomwepo, kuseri kwa komboni, pansi pa mitengo ya misuku. Amayi anganso ali pomwepo, ndi ana anga awiri. Manda athu analibe ziliza. Tinkabzala nkhadze kumutu, n'kuika mbale yamalata yomwe malemu ankadyera, titaiboola pansi ndi msomali kuti wina asaitole. Pa manda a atate tinaikapo ndi chitsulo cha pulawo. Mu 2000 mafamu atagawidwa tinabalalika, ena ku Epworth, ena ku Hatcliffe, ena kaya. Chaka chatha mdzukulu ananditengera kumeneko. Misuku anadula, palimidwa chimanga. Ndinapeza nkhadze ziwiri ndi mbale imodzi yadzimbiri, sindinathe kudziwa kuti ndi ya yani. Ndikafa ine, adzaloze ndani?

Nabanda, Mufakose: Agogo, mwandikhudza. Apongozi anga aamuna ali pa mgodi wina cha ku Shamva, nkhani yake ndi yomweyi.

Che Jafali, Mbare: Athu ali ku Mazowe, m'mafamu a malalanje. Komatu manda a Asilamu savuta kuwazindikira ngakhale chikwangwani chitagwa. Timagoneka munthu chakudzanja lamanja, nkhope kuloza ku Makka, komwe kuchokera kuno ndi chakumpoto. Ndiye mukafika pamanda a pakomboni mudzaona mzere wina wapendekera mosiyana ndi unzake. Amenewo ndi Ayao. Chisomo, zimenezo mumaphunzira?

Chisomo, Dzivarasekwa: Za kagonekedwe timaphunzira, koma za mbale yoboola ndi msomali ndazimva lero kwa agogo. Ndipo ndikuuzeni, zomwe agogo akufotokozazi ndi ntchito yeniyeni ya ofukula zakale, ngakhale palibe chokumba. Komboni, chigayo, ng'anjo zowotchera fodya, manda, bwalo la gule, zonsezo ndi mbiri ya dziko lino. Fodya wa Rhodesia anakula ndi manja a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ku National Archives, pa Borrowdale Road, mukhoza kupeza mapepala a boma onena za antchito obwera, koma malo omwe mai wina anaika mwana wake simungawapezemo. Tikhoza kuchita tokha. Foni iliyonse ya WhatsApp imatumiza malo omwe waima. Agogo aime pamanda, titumize malowo, tijambule, tilembe dzina, mfunda, mudzi wa ku Malawi, mfumu yake, ndi chaka ngati chikukumbukika.

aGama a sukulu, Highfield: Mfunda ndi mudzi ndiye zofunika kwambiri, chifukwa mayina a pa zitupa ambiri anali opatsidwa ndi kapitawo. Munthu kwawo ndi Phiri wa kwa Kachindamoto, m'buku la famu analembedwa Sikisipensi. Komanso musaderere zomwe okalamba amakumbukira. Kwathu ku Malawi, Dr Yusuf Juwayeyi pokumba ku Mankhamba, likulu la a Kalonga kufupi ndi Mtakataka, anayendera limodzi mbiri ya pakamwa ndi zotuluka m'nthaka. Anapezako mikanda yagalasi, minyanga ya njovu, zinthu za mkuwa, ngakhale mapale a mbale za ku China. Anthu a kumeneko dzina la Mankhamba sanalitaye, ofukula anachita kulitsatira.

Mbewe wa kombi: Mbale za ku China nthawi ya a Kalonga? Ndiye zhing-zhong, katundu wotchipa wa ku China uja, sinayambe lero eti.

aPhiri a ku Tafara: Za manda ndagwirizana nazo ndi mtima wonse. Koma mwana wanga Chisomo watchula bwalo la gule, ndiye ndichenjeze kusanade. Bwalo jambulani, anthu onse ankavinira pomwepo. Koma kudambwe foni siilowa. Pafamu iliyonse yomwe panali Achewa panali dambwe, kawirikawiri kufupi ndi manda komweko. Mukamayenda ndi agogo n'kuona ine ndati apa tidutse, mudutse osafunsa. Kale anzathu kuno amatinena kuti zvigure, dzina lawo la gule wathu, ndi zaufiti, ana athu amachita manyazi kusukulu. Tsono muike malo a dambwe pa intaneti, mawa anyamata a TikTok akafikeko?

aGama a sukulu, Highfield: aPhiri, komatu Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Ku Mua, kunyumba yosungira zakale ya Chamare yomwe anakonza Bambo Claude Boucher, zigoba zilipo mazanamazana, aliyense amalowa n'kuona. Chinsinsi chanji chatsala?

aPhiri a ku Tafara: Aphunzitsi, munalowa?

aGama a sukulu, Highfield: Ku Mua ndinafikako.

aPhiri a ku Tafara: Sindikufunsa za ku Mua. Ngati simunamete, musandiuze chomwe chatsala ndi chomwe chatha. A UNESCO analemba zomwe anaona pabwalo. Mwangotiuza nokha za Domboshava, kuti munthu wa buku akaganiza kuti akudziwa kuposa mwini mwambo zinthu zimaonongeka. Lero mwatembenuka?

Che Jafali, Mbare: Aphunzitsi agwidwa ndi msampha wawo womwe kkkk

aGama a sukulu, Highfield: Nkhawa yanga ndi yakuti zomwe sizilembedwa zimapita ndi eni ake. Achinyamata angati a ku Tafara akulowa gule masiku ano poyerekeza ndi kale? Koma chabwino, malire aike ndi eni mzinda.

Nabanda, Mufakose: Abambo mwayamba kulankhula ngati zinsinsi ndi zanu zokha. Ku Chongoni, ku Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zofiira zija amati ndi za Akafula, koma zoyera zambiri ndi za Achewa, ndipo zina mwa izo zinajambulidwa ndi amayi pophunzitsa anamwali. Mlendo amafika ku Chentcherere kapena ku Mphunzi, amajambula ndi kamera yake, amapita. Tanthauzo lake lili ndi anamkungwi, ndipo salinena pagulu. Chithunzi chili poyera, mwambo uli m'manja mwa eni. Ifenso tichite chimodzimodzi. Kumtsinje komwe ankalangira atsikana pafamu, tilembe kuti kunali malo a amayi, basi. Zina agogo a Nangozo adzatiuza ife patokha, aGama atapita kukagula zakumwa.

Agogo a Nangozo, Mabvuku, akulemba ndi mdzukulu: Nabanda wanena. Ndipo amene sanavinidwe asayembekeze kumva zonse, ngakhale ali ndi digiri.

Chisomo, Dzivarasekwa: Agogo, ndamva, mwala umenewo wagwera ine.

Bambo a Tadala, Epworth: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikupatseni lipoti. Akuluakulu a kuno anabwera, mmodzi anavula nsapato, anawomba m'manja, anathira fodya wa mphuno pambali pa dzenje. Akuti palibe choletsa kuti ofukula abwere, bola ngati patuluke mafupa ntchito iime, iwo aitanidwe. Kutauni tinapita ndi Chisomo, tinasiya zithunzi, akuti atumiza munthu adzaone. Za kulanda malo palibe anatchula. Pakadali pano tikutunga madzi kwa aneba.

Nabanda, Mufakose: Tidzaona akabwera. Ine sindinasinthe maganizo, kungoti ndakhala chete.

Che Jafali, Mbare: Tibwerere ku za manda. Mafamuwo panopa ali ndi eni atsopano. Simungangotsika kombi anthu 15 ndi mafoni m'munda wa munthu, aganiza kuti mwabwera kudzalanda malo. Ena kumeneko mpaka lero amatiyesa alendo, ngakhale malamulo a dziko a 2013 anatipatsa unzika ife obadwira kuno. Pafunika kalata, ndipo tiyambire kwa sabhuku, yemwe ndi nyakwawa ya kumeneko, ndi kwa khansala. Tinene momveka kuti sitikufuna munda, tikufuna kungoona manda ndi kupempha kuti pulawo izilambalala.

aPhiri a ku Tafara: Ndipo osapita chimanjamanja. Nkhuku kapena shuga kwa sabhuku. Mlendo sathyola mphasa.

aGama a sukulu, Highfield: Kalata ndilemba ine, m'Chishona ndi m'Chingerezi. Ndikuganizanso kuti tifunse ku masosayiti a maliro. A ku Mbare ndi ku Highfield ena anayamba kalekale, ndipo mabuku awo amalemba yemwe wamwalira, kwawo, ndi komwe waikidwa. Mipingo nayonso, CCAP kuno ili ndi sinodi yakeyake ya Harare, mabuku a ubatizo ndi a maliro alipo. Kumizikiti Che Jafali atifunsira. Ndikudziwa bambo wina yemwe buku la sosayiti yawo linanyowa nyumba zitagumulidwa mu 2005, masamba anamatana, inki inayenderera. Otsalawo tiwajambule tsamba ndi tsamba chiswe chisanatithandize.

Chisomo, Dzivarasekwa: Tikamaliza famu imodzi ndikhoza kukaonetsa aphunzitsi anga, mwina angatithandize kuti mandawo alowe m'kaundula wa malo akale. Akalembedwa kumeneko, wofuna kukumba mgodi kapena kumanga pamalopo amakhala ndi chomufunsa.

Nabanda, Mufakose: Imani kaye pamenepo. Buku la mayina lomwe tikufuna kulembali likhala la yani? Takambirana tsiku lonse kuti ophunzira amanyamula zinthu n'kupita nazo. Tsono mayina a akufa athu tikawapereke tokha? Muli nkhani za m'mabanja mmenemo. Wina anasiya mkazi ku Ntcheu n'kukwatira wina ku Banket, ana a mbali ziwirizo sadziwana. Mukufuna adziwane kudzera pa intaneti?

Chisomo, Dzivarasekwa: Tikhoza kupanga awiri, azakhali. Lina la malo okha, loti apa pali manda angapo a antchito a pafamu, limenelo ndiye lopita kunja. La mayina likhale ndi ife.

Che Jafali, Mbare: Ife ndani? Gulu lino mawa admin akakwiya n'kulitseka, zonse zapita. Likhale la pepala, chikuto cholimba, ndipo lisakhale kutchalitchi kokha, poti muli ndi athu.

aPhiri a ku Tafara: Likhale ndi munthu wamkulu. Ine ndikuti agogo a Nangozo.

Agogo a Nangozo, Mabvuku, akulemba ndi mdzukulu: Mukufuna musungitse buku kwa munthu wosaona zilembo, yemwe watsala pang'ono kulembedwamo? Pezani wina. Ine yanga ndi kuloza. Koma fulumirani, mvula ikagwa alima, ndipo nkhadze ziwiri zija sindikudziwa ngati adzazisiyanso.

aGama a sukulu, Highfield: Za wosunga tikambirana tikakumana maso ndi maso, pafoni sitigwirizana. Ndani angathe Loweruka likubwerali kupita ku Norton kukangoonana ndi sabhuku? Anthu atatu akwana.

Mbewe wa kombi: Loweruka ndi tsiku la ndalama, abwana sangandipatse galimoto. Lamlungu masana ndikhoza, mungosonkha za dizilo. Agogo akhala kutsogolo, aPhiri ndi aphunzitsi ndiwakhazika motalikirana.

Nabanda, Mufakose: Lamlungu ndili pa ntchito mpaka 1 koloko. Mundidikire pa Mbare, shuga wa sabhuku ndigula ine. Nkhuku ndi ya aPhiri, poti ndi amene anaitchula.